Lemba Kaye Mayeso, Amayi Akupezako Bwino

Kalikulasi ndinali nditalephera kale kamodzi. Ndiyambire pamenepo, chifukwa akwathu akamakamba za ine amayambira pa digiri, ngati kuti digiriyo ndinaitola panjira. Chinali chaka changa choyamba ku koleji ku Chirunga. Maphunziro ena onse ndinakhoza, koma masamu amenewa, ofufuza mmene zinthu zimasinthira, liwiro la ichi, kukula kwa icho, anandigwetsa chagada. Anandipatsa mwayi wolembanso, umene ife tinkautcha sapu. Ukalephera sapu unkawidedwa, kutanthauza kuti longedza chikwama, bwerera kwanu, sukulu yathera pomwepo. Mudzi wathu wonse, mwana woyamba kufika ku koleji ndinali ine, wamkazinso. Ndiye mungadziwe nokha kuti mantha anga anali otani.

Zinali zaka zija matipate atangokhazikika. Ophunzira tinkachita zionetsero pa chilichonse, koleji n'kutsekedwa, n'kutsegulidwanso, mpaka nyengo za mayeso zinasokonekera. Sapu yathu inagwera m'nyengo yozizira, ya chiperoni. Amene anakhoza anali atapita kutchuthi. M'mahositelo tinatsala ochepa, olephera okhaokha, ndipo tikakumana m'makonde tinkangopatsana moni wa m'maso. M'chipinda ndinali ndi mnzanga wogona naye, mesho wanga, mtsikana wa ku Masongola. Iyenso kalikulasi inali itamuluma. Kwawo kunali pafupi, koma anasankha kukhala ku hositelo kuti tiziwerenga limodzi.

Amayi anga ankakhala kumudzi kwathu, kuseri kwa phiri, kumtunda kozizira kumene anthu amalima mbatata ya kachewere. Bambo anamwalira ndili wamng'ono. Sukulu yanga yonse inayenda pamutu pa amayi. Ankasenza mitolo ya nkhuni kutsika nayo phiri mpaka kumsika wa m'tauni, n'kukweranso tsiku lomwelo. Kuchoka ku Chirunga kupita kwathu si ulendo woti munthu n'kupempherera. Ukanyamuka kutacha, umafika dzuwa lisanapendeke. Phirilo limaoneka bwinobwino uli pawindo la laibulale.

Mayeso anali Lachisanu. Loweruka la m'mbuyo mwake, achemwali anga aakulu, amene ankakhala ndi amayi, anatsika ndi dengu la mbatata kukagulitsa, ndipo pobwerera anadzera ku hositelo. Sanafune ngakhale kukhala pansi.

"Amayi sakudzuka," anatero. "Chifuwa chija chafika m'nthiti. Akupuma movutika, ndipo kuchipatala akukana, akuti sangapirire kunyamulidwa."

Ndinafuna kunyamuka nawo nthawi yomweyo. Anandiletsa, nati ndikaonane kaye ndi amalume. Kwathu munthu suchita chinthu chachikulu amalume osadziwa. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba. Ankakhala ku Chikamveka, ankagwira ntchito ya ukalaliki, ndipo kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Anali munthu wa jekete ndi chipewa, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga lemba.

Lamulungu mapemphero atatha ndinawapeza pakhonde pawo. Ndinagwada, ndinafotokoza, ndinati ndipita lero, ndikawaona amayi, mawa ndibwerako.

"Ukawachiza ndiwe?" anandifunsa. "Wayamba liti udokotala?"

"Ayi amalume, ndikungofuna ndikawaone."

"Iwe, tamvera. Unalephera kamodzi. Ukalepheranso, nkhuni zonse zimene amako anasenza zapita m'madzi. Kumudzi ndipita ndine mawa m'mawa. Ndikawaona, ndidzakutumizira mawu. Iwe lemba kaye mayeso."

Ndinalira pang'ono, iwo anapemphera, ine n'kubwerera ku Chirunga. Panjira ndinkadziuza kuti mawu akabwera oipa, sindipemphanso chilolezo kwa munthu, ndikwera phiri basi.

Lolemba ndinakhala mu laibulale tsiku lonse, koma m'mutu simunalowe kanthu. Ndikati ndiyambe funso, maso ali pawindo. Nkhungu inali itaphimba phiri mpaka m'munsi, ndipo ine ndinkangoganiza za mphepo imene imalowa m'nyumba ya amayi kudzera pansi pa chitseko. Mesho wanga anaona. Anakoka mpando wanga n'kuutembenuza kuti ndifulatire windo.

"Phirilo silithawa, mesho," anatero. "Koma intigireshoni ikuthawa ndithu."

Intigireshoni ndiyo inali mfiti yanga. Mbali ina ya kalikulasi, yophwanya, ili ndi malamulo ake, ukawaloweza umayenda nawo. Koma iyi, yobwezeretsa chimene chaphwanyidwa, imafuna diso. Uyenera kuliyang'ana funso mpaka likuuze lokha njira yolowera. Ine ndinkaliyang'ana, ilo n'kumandiyang'ananso. Tinali ndi mapepala a mayeso akale, othimbirira, ong'ambika m'makona, opatsirana kuchokera kwa amene anatitsogolera. Tinkawayala pabedi, wina afunse, wina ayankhe, wolakwa atsuke makapu. Makapu a sabata imeneyo ambiri ndinatsuka ndine.

Lachiwiri m'mawa mesho anathamangira kwawo ku Masongola kukatenga juzi. Mayi ake ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi amalume, ndipo amalume anali atanena kuti mawu adzadzera kumeneko. Anachedwa kubwera. Atalowa m'chipinda sanandiyang'ane, anapita molunjika kukapinda zovala zimene zinali zopindapinda kale.

"Kuli mawu?" ndinamufunsa.

"Eya. Amalume ako akuti amayi akupezako bwino. Ayamba kumwa phala. Akuti usadandaule, uwerenge."

Abale inu, mmene ndinasangalalira! Ndinamukumbatira, ndinavina pakati pa chipinda, ndinayimba nyimbo ya kwaya. Iye anangoima chilili, manja ali lende. Ndinaganiza kuti ndi mantha a mayeso. Ndinamuseka, ndinati, "Iwe mesho, nkhope imeneyo ngati wawidedwa kale bwanji?" Anaseka pang'ono, kenako anatuluka, nati akupita kukasamba.

Tinali ndi kawailesi kakang'ono pawindo, kake ka iyeyo. Tinkakatsegula tikamapuma, ndipo ine ndinali ndi chizolowezi cha kumudzi chomvetsera mauthenga achisoni, aja amalengeza kuti uje wamwalira, mwambo wa maliro uli kwakuti, abale a kwakuti afike msanga. Tsiku limenelo nditakatsegula kanangoti zii. Mesho anati mabatire atha. Ndinati tikabwereke kwa atsikana a chipinda china, iye anati wailesi imatitayitsa nthawi, tidzamvera tikalemba. Ndinaona kuti akunena zanzeru.

Kuyambira tsiku limenelo mutu wanga unatseguka. Sindikunama, unatseguka ngati mpopi. Mtima utakhala pansi, mafunso amene ankandizunguza anayamba kugonja limodzi ndi limodzi. Lachitatu m'mawa ndinapeza ndekha njira ya funso lina limene linatikanika sabata yonse. Ndinakuwa mu laibulale mpaka woyang'anira anandiloza ndi chala. Masana a tsiku limenelo dzuwa linatuluka pang'ono, ndipo ndinayala chitenje pa kapinga kuseri kwa hositelo, ndinagona chafufumimba, ndikulemba, ndikutafuna mtedza. Ndimalikumbukira bwino Lachitatu limenelo. Ndinali wokondwa kuposa masiku onse a chaka chimenecho.

Anthu anayamba kundikomera mtima modabwitsa. Mesho ankanditengera chakudya ku kafi, kumene ophunzira tinkadyera, kuti ndisataye nthawi pamzere. Atsikana a chipinda chinacho, amene sitinkayankhulana kwenikweni, anandibweretsera tiyi wothira mkaka. Lachinayi ndinaumirira kupita ndekha ku kafi. Kumeneko kunali mayi wina wogawa ndiwo, wa mudzi woyandikana ndi wathu, amene ankandidziwa kuyambira ndili mwana. Atandiona anaika chipande pansi, anapukuta manja pa epuloni, nayamba kuzungulira tebulo kubwera kwa ine, maso ali jenjenje. Mesho analowa pakati pathu, anawagwira pamkono mayiwo, nawanong'oneza kanthu. Mayi aja anabwerera, anandiikira nyama ziwiri m'malo mwa imodzi. Ndinafunsa kuti kwagwanji. Mesho anati mayiwo ali ndi mavuto a kunyumba kwawo. Ine, chitsiru, nyama ija ndinadya yonse.

Lachisanu linafika ndi kamvula kowaza. Tinalowa mu holo, mabenchi ali patalipatali, aliyense ndi cholembera chake ndi mantha ake. Manja anga anali ozizira moti dzina langa ndinalilemba ngati la munthu wina. Nditatembenuza pepala ndinawerenga mafunso onse kaye, monga tinapangana ndi mesho. Loyamba linali la malimiti, chiyambi cha kalikulasi, losavuta. Lachiwiri linali la thanki yamadzi yobooka pansi, kufunsa kuti madzi akutsika mofulumira bwanji pamene afika pakati. Ndinamwetulira, chifukwa lofanana nalo tinali titalichita pabedi paja. La intigireshoni linandiimitsa. Ndinayesa njira ina, inakana. Ndinayesa inanso, nayonso inakana. Ndinatseka maso, ndinati amayi ayamba kumwa phala, iwe ukuopa chiyani? Nditatsegula, njira ndinaiona. Ndinalemba mpaka woyang'anira ananena kuti zolembera pansi.

Ndinatuluka ndikudumpha. Ndinkafuna kuthamangira ku hositelo, kutenga chikwama, kugula shuga ndi buledi m'tauni, n'kukwera phiri tsiku lomwelo. Ndinali nditakonza kale mmene ndikawafotokozere amayi za thanki yobooka, chifukwa ankakonda kundifunsa kuti kodi masamu akewo amawerengera chiyani, poti nkhuni iwo amawerenga bwinobwino opanda koleji.

Amalume anali ataima pansi pa mtengo, kunja kwa holo, jekete lija, chipewa chija. Pambali pawo panali mesho, amene anatuluka msanga ine ndisanamalize. Ndinathamangira komweko.

"Amalume, ndalitafuna! Ndithu ndalitafuna pepala limeneli! Amayi ali bwanji?"

"Tiyamike Mulungu," anatero. "Tiye tipemphere kaye."

Anavula chipewa. Mutu wawo unali wometedwa mpala, mbuu, ndi timabala ta lezala pamwamba pa khutu.

Kwathu munthu sameta chonchi chifukwa cha kutentha. Timameta maliro, ndipo timameta titaika kale, manda atakwiriridwa, anthu atagona pasiwa, tsiku lomwazikana. Amalume anali asananene kanthu za amayi, anali atangotseka maso kuyamba pemphero, koma ine zonse ndinaziwerenga pamutu pawopo. Amayi anamwalira. Amayi anaikidwa. Ngakhale kumeta kunachitika, ine kulibe.

Pemphero lija sindinalimve. Akuti ndinakhala pansi m'matope. Chimene ndikukumbukira n'chakuti ndinafunsa kuti, "Liti?" Amalume anati Lolemba masana. Ndinafunsa kuti anaikidwa liti. Anati Lachitatu. Lachitatu lija ndinagona pa kapinga ndikutafuna mtedza.

Ndinatembenukira kwa mesho. Anali akulira kale.

"Unadziwa?"

"Anandiuza amayi anga Lachiwiri lija. Anati ndikakuuza ndakuphera tsogolo. Mesho, ndikanatani ine?"

"Mabatire aja?"

Anawatulutsa m'thumba la juzi. Anali akuyenda nawo sabata yonse. Uthenga wa maliro a amayi unalengezedwa pa wailesi kuti abale athu a ku Phalombe amve. Anamva, anakwera galimoto, anafika, analira, anaika, anabwerera. Anthu a ku Chikamveka anamva. Mayi wa ku kafi anamva, atsikana a tiyi aja anamva. Dziko lonse la Malawi linamva kuti amayi anga amwalira, kupatula ine, mwana wawo, amene ndinali pansi pa phiri lomwelo.

Tinakwera phiri masana omwewo, ine ndi amalume. Njira yonse iwo ankalankhula. Ankati anachita zimenezi chifukwa cha chikondi. Ankati akuluakulu onse anagwirizana, abusa omwe anavomereza. Ankati wakufa wafa, sadzuka chifukwa choti mwana wabwera kudzalira, koma wamoyo ali ndi mawa. Ine ndinkangoyenda pambuyo pawo. Ndikanatsegula pakamwa ndikanatukwana mwini mbumba, ndipo mawu amene ndinali nawo sanali oti munthu n'kubweza. Anthu ankati tinali mu ufulu masiku amenewo. Ufulu wake uti? Ndinali ndi ufulu woguba mumsewu ndi chikwangwani, koma zoika amayi anga anandisankhira anthu ena pakhonde.

Kumudzi ndinapeza pabwalo atasesa kale, phulusa la moto wa pasiwa atataya. Azimayi atandiona anayambanso kulira, koma kunali kulira kondithandiza ine, kwa anthu amene misozi yawo inatha kale. Achemwali ananditengera kumanda. Unali mulu wa dothi lofiira, nkhata za maluwa zitayamba kufota. Mwana wamkazi kwathu amakhala kumutu kwa mayi ake m'nyumba ya siwa, amathandiza kuwasambitsa, amawaona nkhope bokosi lisanatsekedwe. Ine ndinapatsidwa mulu wa dothi. Ndinauyang'ana, osadziwa ngakhale kumene kuli mutu, mpaka achemwali anandilozera.

M'mawa mwake anandimeta ndekha kuseri kwa nyumba. Panalibe nyimbo, panalibe anthu. Achemwali ananyowetsa tsitsi langa ndi sopo, nameta mwakachetechete, nkhuku zikutola pansi. Pamitu pa ena onse tsitsi linali litayamba kale kumera.

Zotsatira zinatuluka patapita masabata. Ndinakhoza, ndipo ndinakhoza bwino. Mesho naye anakhoza. Chaka chotsatira ndinapempha chipinda china. Ndikudziwa kuti mesho anali mwana ngati ine ndemwe, anangomvera akuluakulu, ndipo mwina anavutika kuposa mmene ndinkaganizira. Koma ndikamuona ndinkadziona ndikuvina pakati pa chipinda, iye akundiyang'ana. Tikakumana masiku ano timapatsana moni, basi.

Amalume ndi amene anabweretsa nkhani ya zotsatira kumudzi. Anakwera phiri ndi jekete lawo, anaitanitsa mpando, anasonkhanitsa mbumba yonse.

"Mwaonatu," anatero. "Tikanamuuza, bwenzi pano akulima mbatata ndi anzakewa. Mawu a akulu akoma akagonera. Lero akundikwiyira, koma tsiku lina adzandithokoza."

Anthu anawomba m'manja, wina analuluta. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti mwina ankanena zoona. Mwina ndikanalepheradi. Koma kulepherako kukanakhala kwanga, ndipo amayiwo anali anga. Palibe anandifunsa. Zaka zapita, amalume anakalamba, ndawathandiza pa matenda awo monga mwana wa mlongo wawo ayenera kuchitira. Kuthokoza kumene ankadikira sanakumve, ndipo sadzakumva.

Tsiku la zotsatira lomwelo, anthu akadali pabwalo, ine ndinazemba kupita kudimba. Achemwali ananditsatira. Tinayamba kukumba mbatata popanda wotituma, aliyense mzere wake. Panali funso limene ndinkaliopa kuyambira tsiku la kumanda, ndipo ndinalifunsa nditawerama, osawayang'ana.

"Achemwali, amayi anandifunsa?"

Anapitiriza kukumba. Ndinafunsanso.

"Amalume anati tisadzakuuze," anatero.

"Zimene amalume anati musandiuze zakwana. Anandifunsa?"

Anaika khasu pansi, nakhala pamzere.

"Kuyambira m'mawa wa Lolemba ankangotchula iwe. Amalume atafika, amayi anawagwira dzanja, anati, 'Achimwene, mwana uja mwamuuza?' Amalume anati, 'Ndamuuza, ali m'njira, akubwera.'"

"Anatero?"

"Anatero. Ndiye amayi anayamba kudikira. Akamva phazi panja, ankadzutsa mutu. Nkhungu inali ikulowa m'nyumba, ine ndinati nditseke chitseko, akuzizidwa. Anakana. Anati ndisatseke, ungadzaganize kuti agona n'kuopa kuwadzutsa. Dzuwa litapendeka anandifunsa kuti, 'Kodi anamuuzadi?' Ndinayang'ana amalume, amalume anandiyang'ana, ine ndinati eya, anamuuza."

Achemwali anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye anati chiyani?" ndinafunsa.

"Anayang'ana pakhomo paja. Kenako anati, 'Chabwino. Ali ndi zambiri zochita mwana uja.' Anatembenukira kukhoma. Sanalankhulenso."